Makapu Awiri

Ndinachoka ku Groningen m'mawa wa Lachiwiri
njinga italemedwa ngati bulu wa munthu wankhanza:
zikwama zinayi, hema kumbuyo kwa chishalo,
kasitovu, pampu, machubu,
ndi makapu awiri achitsulo
ngakhale pakamwa pomwera panali pamodzi.

Germany anandilonjera ndi mphepo ya kumaso.
Masiku asanu ndi anayi ndikupalasa
ngati munthu wokankhana ndi khoma.
Dzuwa la kuno ndi mlendo wosadziwa kutsanzika,
teni koloko usiku kunja kudakayera,
ine ndikukhoma zikhomo za hema
ndi chidendene cha nsapato.

Ku Passau, pomwe mitsinje itatu imakwatirana,
ndinaika moyo wanga pa sikelo ya positi ofesi.
Jekete laubweya, buku losatsegula,
nsapato zovala paphwando, kaya phwando lake liti,
makilo atatu ndi theka, zonse zibwerere kwathu.
Mayi wa pakauntala analoza kapu yachiwiri ija.
Ndinapukusa mutu.

Tjitske, paja unkati mapu ndi abodza,
mtunda weniweni amaudziwa ndi mawondo.
Njira iyi tinaijambula tonse patebulo la kukhitchini
ndi pensulo yako yotafunidwa kumutu,
dokotala asanatiuze kuti tiyambe takhala pansi.
Unanena zoona. Mawondo akundiuza zonse.
Ndipo pabampu paliponse
kapu yako imagunda yanga m'chikwama,
ngwe, ngwe,
ngati ukufunsa ngati ndatseka gasi.

Ku Hungary sipoko inaduka masana,
adokowe akundiyang'ana ali pamitengo ya magetsi,
osandimvera chisoni.
Mkulu wina, Dezső, anatuluka m'munda wa mapichesi,
nagwira wilo, naipukusa pafupi ndi khutu
monga womvetsera chifuwa cha mwana.
Anazula sipoko panjinga yadzimbiri ya mdzukulu wake.
Chinenero changa sachimva, chake sindichimva,
koma sipanala tonse timaidziwa.
Ndinagona pansi pa mitengo yake,
udzudzu wa Danube ukuimba kwaya kunja kwa hema,
pichesi lakupsa likugwa, phu, pakati pa usiku.

Wapolisi wa pamalire a Serbia
anayang'ana pasipoti, kenako miyendo yanga yakupsa ndi dzuwa.
Mpaka ku Nyanja Yakuda? Pa chimenechi?
Anadinda akuseka.

Kenako mpendadzuwa, mpendadzuwa, mpendadzuwa,
minda yonse kundifulatira
ngati ndinailakwira.

Tsiku la makumi anayi ndi chimodzi, ku Romania,
agalu atatu a nkhosa anandizinga mbandakucha
ndili ndi kabudula yekha, ketulo m'manja.
Mluzu umodzi, onse pansi khale.
Mwini mluzu anali mnyamata,
ndodo yake yomuposa msinkhu.
Anadzigunda pamtima: Mitică.
Nakhala pachikwama changa osapempha,
maso ali pamadzi owira.

Dzanja langa linapita lokha.
Ndinaitulutsa, ndinapukuta fumbi la mayiko asanu ndi limodzi
ndi m'mphepete mwa malaya,
ndinathira khofi, shuga masupuni atatu.
Iye anaigwira ndi manja awiri monga unkachitira iwe,
chala chake chikusisita chilembo T
chomwe unakanda ndi msomali kunsi kwake.
Anamwa mofuula, fyuu, fyuu,
nandisiyira tchizi chokulunga m'kansalu,
nanyamuka, poti nkhosa sizidikira.

Sindinamupatse kapuyo. Usandiseke.
Ndinangotsikira kumtsinje, madzi akuzizira m'akakolo,
ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu
makapu otsuka anali awiri.

Kwatsala makilomita mazana atatu.
Tcheni chikulira, chikufuna mafuta.
Hema sanaume, ndimupinda choncho.